Mapepala a makasitomala atibalalikira m'mafoni: kodi kompyuta ingatilandilire?

Funso: Ndili ndi kaofesi ku Lilongwe kothandiza anthu kukonza mapepala a viza, makamaka ana asukulu opita ku UK ndi ena ofuna zilolezo zokagwirira ntchito Kujoni. Tilipo anthu anayi. Makasitomala amatumiza mapepala pa WhatsApp ya aliyense wa ife, ena pa imelo, ena amabwera nawo mu envelopu. Mwezi watha tinatha tsiku lathunthu tikusakasaka sitetimenti ya ku banki, osadziwa kuti ili mu foni ya mnzathu amene anali kumaliro kumudzi. Ndamva kuti kuli mapulogalamu olandira okha mapepala, ena a AI otha kuwerenga pasipoti. Tiyambire pati, nanga tingawakhulupirire?

Yankho: Mayi, nkhani ya sitetimenti imene inapita kumaliro m'thumba la mnzanuyo yandionetsa pamene pali bala. Ofesi yanu ili ndi makomo asanu ndi limodzi: mafoni anayi, imelo ndi envelopu. Pulogalamu iliyonse imene mungagule lero idzalondera khomo limodzi, mapepala n'kumalowera m'makomo enawo monga kale. Choncho kugula kudikire kaye.

Za kukhulupirira ndiyankhiretu. Makina muwakhulupirire pa kulandira pepala, kulipatsa dzina, kuliika pamalo pake, kuwerengera masiku ndi kukumbutsa kasitomala chimene chatsala. Izi amachita bwino kuposa munthu wotopa wa Lachisanu madzulo. Koma mawu akuti "pepala ili lili bwino" kapena "ili silikuyenera" azituluka pakamwa pa mmodzi wa inu anayi, ndipo dzina lake lizilembedwa pambali pake. Chifukwa chake ndichifotokoza ndikafika pa maina.

Ntchito yoyamba ndi ya cholembera. Tsekani ofesi masana amodzi, mukhale pansi nonse anayi, mulembe mtundu uliwonse wa viza umene mumagwira ndi mapepala ake onse. Pambali pa pepala lililonse mulembe amene amalipereka, utali wa moyo wake, ndi tsiku limene moyowo umayambira kuwerengedwa. Ndime yachitatuyi ndi imene maofesi ambiri amaiwala, chikhalirecho mapepala a viza amaola ngati tomato wa pamsika, lililonse pa tsiku lake.

Titenge mwana wasukulu wopita ku UK, poti ndiwo ambiri mwa anthu anu. Yunivesite ikamulandira imamupatsa nambala yotchedwa CAS, ndipo nambalayi imafa pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Satifiketi ya TB, imene Mmalawi aliyense wokakhala kumeneko kupitirira miyezi isanu ndi umodzi ayenera kukatenga kuchipatala chovomerezedwa ndi Home Office (unduna wa ku UK woona za maviza), nayonso imakhala miyezi isanu ndi umodzi, koma kuwerengera kwake kumayambira tsiku limene anajambulidwa pachifuwa. Ndiye pali ndalama, pamene ambiri amagwera. Ndalama ziyenera kugona mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsikako pansi pa mlingo ngakhale tsiku limodzi, ndipo tsiku lomaliza la masiku 28 amenewo lisapitirire masiku 31 pofika tsiku lopereka fomu. Sitetimenti ikathera pa 3 Malichi, fomu ilowe pasanadutse pa 3 Epulo. Mwana akachedwa sabata imodzi podikira pasipoti, sitetimenti ija yaola, ngakhale ndalama zikadalipo ku banki. Mawotchi atatu akuyenda nthawi imodzi pa munthu mmodzi, ndipo inu muli ndi anthu makumi angapo. Mutu wa munthu sungasunge zimenezi, koma kwa kompyuta ndi masamu a sitandade 3. Phindu lenileni la makina mu ofesi ngati yanu lagona pamenepa: m'mawa uliwonse azikuonetsani mndandanda wa mapepala amene afa m'masiku khumi akubwerawa, ndi tsiku lomaliza limene fomu ya munthu aliyense ingalowe mapepala ake onse akadali moyo.

Pasipoti nayo ili ndi masamu ake osiyana dziko ndi dziko. Dziko la South Africa limafuna kuti ikhalebe yamoyo masiku 30 kuchokera tsiku limene munthu akuyenera kutuluka m'dzikomo, ndipo kalata ya apolisi ya wofuna chilolezo cha ntchito isapyole miyezi isanu ndi umodzi. Maiko a Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, amafuna miyezi itatu, komanso kuti pasipotiyo ikhale yoperekedwa m'zaka khumi zapitazi.

Manambala onsewa muwaike mu tebulo limodzi, ngakhale la Google Sheets, limene inu mwini mungathe kusintha popanda kuitana wokonza mapulogalamu. Aliyense amene mudzamulembe ntchito yomanga dongosololi mumuuze zimenezi tsiku loyamba, chifukwa amisiri ambiri amakonda kukwirira manambala m'kati mwa pulogalamu, ndipo malamulo a viza sakhala pansi. Pa 2 Januwale 2025 ndalama zodyera za mwana wasukulu wa ku London zinakwera kuchoka pa mapaundi 1,334 pamwezi kufika pa 1,483, ndiye kuti pa miyezi isanu ndi inayi imene amawerengera, 12,006 inasanduka 13,347. Pa 11 Malichi 2024 opita ku UK kukagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala analetsedwa kutenga mabanja awo, ndipo pa 22 Julayi 2025 njira yowalembera ntchito kuchokera kunja inatsekedwa. Mu Ogasiti 2025 dziko la America linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi. Mzere uliwonse wa tebulo lanu ukhale ndi tsiku limene munauona komaliza pa webusaiti ya boma lenilenilo, monga GOV.UK, ndi dzina la amene anauona. Mzere ukakhala mwezi osaonedwa, uzisintha mtundu kuti ukupyozeni m'maso.

Pali kanthu kena ka kwathu kuno kamene pulogalamu yogula kunja sidzakaganizira. A Home Office amasintha makwacha kukhala mapaundi potengera mtengo wa tsiku lopereka fomu pa webusaiti ya mitengo ya ndalama yotchedwa OANDA. Mukukumbukira Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kholo limene linali ndi ndalama zokwanira sabata imeneyo linadzuka zili zoperewera, osachotsamo ngakhale tambala. Ndiye dongosolo lanu lisamawerengere kamodzi pa tsiku lolandira sitetimenti n'kuiwala. Liziwerengeranso mpaka tsiku lopereka, ndipo lizichenjeza ndalama zikangotsala pang'ono kukhudza mlingo.

Tsopano khomo. Anthu ambiri okonza zinthu zotere adzakuuzani kuti makasitomala asiye WhatsApp, azilowa pa webusaiti yokhala ndi pasiwedi. Ine sindivomereza. Bambo wa ku Mzimba amene akutumizira mwana wake mapepala ali ndi bandulo ya WhatsApp yokha, linki ya pa intaneti siitseguka n'komwe. Google Forms ndi yaulere, koma fomu ikakhala ndi malo oikapo fayilo imakakamiza munthu kulowa ndi akaunti ya Google, ndipo ambiri anatsekuliridwa akauntiyo ndi mnyamata wa pashopu ya mafoni, pasiwedi sanaimvepo. Khalani ndi nambala imodzi ya WhatsApp Business ya ofesi, yosakhala ya munthu. Nambala zanu zinayi zileke kulandira mapepala, ndipo kasitomala akatumiza kwa inu mwachizolowezi, yankho likhale limodzi kwa onse: "Zikomo, chonde tumizaninso pa nambala ya ofesi kuti lisasowe." Sabata ziwiri zoyamba ena adzadandaula kuti mwayamba kunyada. Pirirani. Amene ali ndi intaneti yokwanira muwapatse fomu ya pa linki, obwera ndi envelopu muwajambulire pomwepo n'kuwabwezera mapepala awo m'manja asanatuluke. Njira zitatuzi zizikathira m'nkhokwe imodzi.

Pa WhatsApp pomwepo phunzitsani makasitomala chinthu chimodzi. Chithunzi chotumizidwa mwa masiku onse chimafinyidwa, timalemba ting'onoting'ono ta pa sitetimenti n'kusanduka phala. Chomwecho chikatumizidwa ngati Document chimafika momwe chinajambulidwira. Jambulani kavidiyo ka theka la mphindi m'Chichewa kosonyeza pobaya, ndi kosonyeza kuyala pasipoti pa tebulo pafupi ndi zenera, ngodya zonse zinayi zikuoneka, chala chisakuphimba manambala. Kavidiyo kameneka kadzakupulumutsirani maola ambiri kuposa pulogalamu yodula. Sitetimenti ndiye musalole n'komwe ya chithunzi ngati banki ingathe kupereka PDF.

Munthu aliyense apatsidwe nambala ya fayilo tsiku loyamba, ndipo foda yake idziwike ndi nambalayo. Maina sangathandize, a Banda ndi a Phiri mudzakhala nawo khumi pachaka. Pepala likalowa, makina alipatse dzina la mtundu umodzi, monga 0147_pasipoti_2025-03-03, alisunge mu foda, alembe mu tebulo kuti lafika, atumize uthenga wakuti talandira. Loyambiriralo lisamafufutidwe kapena kukonzedwa. Likabwera lina labwino, likhale pambali pake ndi tsiku lake. Zida zolumikizira zimenezi, monga Zapier, Make kapena n8n, zilipo ndipo mmisiri wodziwa amazilumikiza m'masiku ochepa. Kuti mauthenga a WhatsApp azilowa okha pamafunika WhatsApp Business Platform, imene ili ndi malamulo ake: pakadutsa maola 24 kasitomala asanalembe, mungamutumizire uthenga wa mawu ovomerezedwa kale okhaokha, ndipo ena amalipiritsa. Ngati ndalama sizikulola panopa, mmodzi wa inu azitsitsa mafayilo kawiri patsiku, 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, zina zonsezo makina apitirize. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mwafunsa za kuwerenga pasipoti. Apa pali nkhani yabwino, ndipo siifuna AI. Tsegulani pasipoti pa tsamba la chithunzi, muone pansi mizere iwiri ya zilembo, manambala ndi tizizindikiro ta <. Mzere uliwonse uli ndi malo 44, mwa muyezo wa bungwe loona za ndege la ICAO, ndipo ya kwathu muona MWI. Mu mzere wachiwiri, pambuyo pa nambala ya pasipoti, pa tsiku lobadwa ndi pa tsiku lothera, pali nambala imodzi yolondera. Tiyerekeze munthu wobadwa pa 15 Malichi 1990. Tsikuli limalembedwa 900315. Manambalawo amachulukitsidwa motsatana ndi 7, 3, 1, 7, 3, 1, ndiye timapeza 63, 0, 0, 21, 3 ndi 5. Kuphatikiza zonse ndi 92, ndipo nambala yomaliza, 2, ndiyo imasindikizidwa pambuyo pa tsikulo. Makina akawerenga 3 ngati 8 chifukwa cha kuwala kwa fulashi, masamu sagwirizana, ndipo amadziwa okha kuti aphonya. N'chifukwa chake ndimalola kompyuta kudzaza nambala ya pasipoti ndi masiku kuchokera m'mizere imeneyi. Koma onetsetsani bwino: mzere woyamba, umene uli ndi dzina, ulibe nambala yolondera.

Ndipo maina ndiwo amandisowetsa tulo. Kwathu kuno munthu mmodzi amakhala Chirwa pa pasipoti, Chilwa pa satifiketi ya MSCE ya ku MANEB. Wina kusukulu analembetsa dzina la amalume amene ankamulipirira fizi, pa chiphaso cha unzika cha NRB n'kulemba la bambo ake. Mayi wokwatiwa ali ndi dzina la mwamuna ku banki, la kwawo pa dipuloma. Kulembetsa ana pobadwa kunakhala kokakamiza mu 2015, kalembera wa ziphaso za unzika anachitika mu 2017, ndiye akuluakulu ambiri tsiku lobadwa analipeza mochita kufunsa, ndipo la pa kadi ya ubatizo likhoza kusiyana ndi la pa pasipoti. Wina ukwati wake ndi wa chinkhoswe, umboni wake ndi kalata ya amfumu yolembedwa pamanja m'Chichewa, imene ku UK imafunika kumasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira wotsimikizika. Palibe bodza m'zonsezi, ndi mmene moyo wathu unayendera. Makina angathe kuona kuti zilembo zasiyana. Sangadziwe ngati pakufunika kalata yolumbira, kusintha chiphaso, kapena kungofotokoza m'kalata yoperekeza fomu.

Ndinaphunzira izi movutika. Ofesi ina imene ndinaikonzera dongosolo lotere, ndinalola makina kuti dzina likasiyana azitumiza okha uthenga. Usiku wina mtsikana anatumiza satifiketi yake ya Fomu 4, uthenga n'kubwerera nthawi yomweyo wakuti pepala lakanidwa. Iye anamva kuti viza yakanidwa. Mayi ake anali atagulitsa munda kuti ndalama zigone ku banki masiku 28 aja, ndipo banja lonse linachezera kulira mpaka ofesi itatsegulidwa. Cholakwika chinali chilembo chimodzi. Kuyambira tsiku limenelo, makina amene ndimakonza ali ndi mawu atatu okha onena kwa kasitomala: talandira, chithunzi sichikuoneka bwino tumizaninso, ndi chatsala chakutichakuti. China chilichonse chimapita pa mndandanda wa wogwira ntchito, ndipo iye amaimba foni. Mawu akuti "kukanidwa" musawalole kulowa mu uthenga uliwonse wodzitumiza wokha.

AI ili ndi malo ake. Imatha kusiyanitsa sitetimenti ndi kalata ya yunivesite, imatha kutola masiku ndi ndalama m'masamba khumi a banki n'kukuonetsani tsiku limene ndalama zinatsikitsitsa. Vuto lake ndi lakuti pamene sikuona bwino imalemba nambala yooneka yolondola, osanena kuti yangoganizira. Choncho chilichonse chimene yatola chizioneka pa sikirini pambali pa tsamba lenilenilo, munthu ayang'ane, abaye kuvomereza. Musaiike kuti izicheza ndi makasitomala n'kumayankha ngati akuyenera viza kapena ayi. Amenewo ndi malangizo a zamalamulo. Ku UK kupereka malangizo otere popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la 1999, ndipo bungwe loyang'anira, limene kale linkatchedwa OISC, kuyambira Januwale 2025 ndi Immigration Advice Authority. Ngati mumagwira ntchito ndi mnzanu wa kumeneko, funsani nambala yake ya kubungweli.

Mapepala achinyengo nawo makina sangakutetezereni mokwanira. Madobadoba amagulitsa masitetimenti okongola kuposa enieni, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chimene kompyuta ingachite ndi kuphatikiza mizere ya sitetimenti kuona ngati ndalama zotsala zikugwirizana, ndi kukuuzani ngati fayilo imodzimodziyo inabwerapo kale pa dzina la munthu wina. Zikatero ndi chenjezo chabe. Pepala labodza likafika ku Home Office, mwini wake akhoza kuletsedwa kulowa m'dzikomo zaka 10, ndiye musanapereke fomu kasitomala asaine kuti mapepala onse ndi ake ndi enieni, ndipo mumufotokozere chilangocho pamaso, m'chinenero chake.

Ndisanamalize, nkhani ya chinsinsi. Mukasonkhanitsa mapepala onse m'nkhokwe imodzi mwathetsa vuto la kusowa, koma mwapanganso malo amodzi oti wakuba akalowa atenge zonse: mapasipoti, ndalama za anthu, zotsatira za kuchipatala, makalata a apolisi. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti a dziko lino alowedwa ndi mbava za pa intaneti zimene zinkafuna dipo, ndipo anthu anakhala masabata osalandira mapasipoti. Ngati zinachitika pa makina a boma, kaofesi ka anthu anayi sikangadzione kotetezeka. Chaka chomwecho dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act, limene woyang'anira wake ndi MACRA, ndipo Kujoni kuli lamulo lofanana nalo lotchedwa POPIA. Aliyense wa inu akhale ndi akaunti yakeyake yolowera, yofuna nambala ya pa foni kuwonjezera pa pasiwedi, kuti wina akasiya ntchito muzingotseka yakeyo. Foni ya ofesi isamasunge zithunzi mu galare. Musanaponye pasipoti ya munthu mu chida cha AI, werengani ngati kampaniyo imasunga kapena kuphunzitsira makina ake zimene mwatumiza, ndipo zida zaulere muzipewe pa ntchito imeneyi. Fomu yoyamba imene kasitomala amasaina inene momveka zimene mukutenga, kumene mukusunga, ndi nthawi imene mudzafufute. Ndipo poti magetsi a ESCOM ndi netiweki zimathawa osatsanzika, Lachisanu lililonse muzikopera zonse mu hadi diski yotsekedwa ndi pasiwedi, yogona kunja kwa ofesi.

Poyambira pake, tengani mtundu umodzi wa viza, wa ana asukulu a ku UK, chifukwa masiku ake ndi omveka ndipo nyengo yake imadziwika: ambiri amayamba sukulu mu Seputembala, ndiye chipwirikiti chimakhala cha Juni mpaka Ogasiti. Dongosolo latsopano musaliyambe m'miyezi imeneyo. Liyeseni kaye pa mafayilo makumi awiri akale amene mukudziwa mathero ake, muone ngati likanagwira zimene munagwira ndi maso, makamaka aja amene anakuvutani. Kenaka mwezi umodzi muyendetse zonse ziwiri, kaundula wa pamanja ndi wa kompyuta, ndipo Lachisanu lililonse muziyerekeza. Paliponse pamene zasiyana mufufuze chifukwa musanapitirire. Za Kujoni mudzaziwonjezere pambuyo pake, tebulo la ku UK litayenda mwezi wathunthu popanda kusiyana ndi kaundula wa pamanja.